Machesi m'Thumba la Jasi la Roza

Ana inu, Lachitatu lija ndinakumvani. Musayang'anane, ndinali pakhonde pomwepa ndikusankha nyemba. Aphunzitsi a Tisa anapereka ntchito yoti akafunse akuluakulu za kampani ya boma yoyenga mafuta ku Ndola, mmene inayambira ndi zimene inachitira dziko. Ndiye munatenga foni ya amayi anu, nonse atatu kuunjikana ngati anapiye, n'kuimbira ambuye anu a ku Kanini. Ine amene ndimakuphikirani, amene ndimadziwa kuti Dalitso sadya therere ndipo Mphatso amabisa masokosi akuda kuseri kwa kabati, palibe anaganiza zondifunsa.

Sindikukudzudzulani. Roza, mng'ono wangayo, anagwirako ntchito moyo wake wonse, ndipo amalankhula zomveka. Ine pakamwa panga mumapadziwa, mawu amathera pakhosi. Kuyambira ndili pasukulu, zimene zandikanika kunena ndimazilemba m'kope, ndiye izinso ndalemba. Muwerenge ine nditapita ku kwaya. Pali mbali ina ya nkhani ya kampaniyo imene Roza sangakuuzeni, chifukwa ndi yanga. Kampani inafuna kumutumiza kunja kukaphunzira, ndipo sanapite chifukwa cha ine. Ndinakhala zaka pafupifupi makumi anayi ndisanamuuze.

Koma tiyambe ndi palafini, poti inu simumudziwa. Inu magetsi akathima mumayatsa tochi ya pafoni n'kumadandaula ngati dziko latha. Ife kunyumba kuno ku Bulangililo, mu Kitwe muno, tinali ndi koloboyi, kachitini kokhala ndi chingwe, kamene kankatulutsa utsi wochuluka kuposa kuwala. M'mawa ukamina, mamina akuda bii. Ndine ndinkatumidwa kugolosale ndi botolo, ndipo masiku ambiri ndinkabwerera nalo lopanda kanthu. Nthawi imeneyo mafuta onse ankachokera kum'mwera pa sitima, ndiye ndale zitavuta kumalire a kum'mwerako, dziko lonse linauma. Magalimoto ankagona pamzere. Atate, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ankabwera akung'ung'udza kuti mgodi wopanda dizilo ndi dzenje chabe.

Amalume athu, mlongo wawo wa amayi, anali mmodzi mwa madalaivala amene ankakatenga mafuta m'madiramu kudoko la ku Tanzania. Msewu wake unali wa matope m'dzinja, wa fumbi m'chilimwe. Ankachoka ali onenepa n'kubwera makutu ali ofiira ndi dothi, malaya akulendewera. Ulendo wina anatibweretsera kokonati. Amayi sanadziwe chochita naye, anamuika pawindo mpaka anauma.

Kenaka boma linagwirizana ndi boma la Tanzania kukumba ngalande yaitali n'kuikamo paipi, kuchokera kunyanja yamchere mpaka ku Ndola. Ine ndinkaganiza kuti akuluakulu akutinamiza. Paipi yodutsa mapiri ndi mitsinje, mafuta n'kumayenda okha popanda dalaivala? Patapita zaka zingapo anamanganso malo oyengera. Amalume anasiya malole n'kulembedwa kumeneko, kuyang'anira mapampu. Ankatifotokozera kuti mafuta amafika ali akuda, olemera ngati phala la mawere, ndiye amawaphika mu nsanja zazitali zachitsulo. Pamwamba pamatuluka gasi, m'munsi mwake petulo, kenaka palafini wathu uja, kenaka dizilo, pansi penipeni n'kutsala phula la m'misewu. Pamwamba pa chitsulo china chachitali pankayaka lawi, usana ndi usiku, mvula kaya dzuwa. Atate ankati lawi limenelo likadzazima, ife a ku Kitwe tidzayambe kumanga katundu. Tisa, ngati aphunzitsi ako akufuna ntchito ya kampaniyo, ndi imeneyo: inkachititsa kuti mgodi, chigayo, ambulansi ndi koloboyi wanga zisadikirenso chifundo cha anthu a kumalire.

Tsopano za ine ndi Roza. Kwathu ku Chipata, mwana ndi wa amalume ake. Atate amabereka, koma wolamula za sukulu ndi za ukwati ndi mlongo wa amayi. Ndiye amalume atapatsidwa nyumba yabwino ku Kanini, ku Ndola komweko, aliyense ankadziwa kuti adzatenga mwana mmodzi wa mlongo wawo kukamuphunzitsa. Ndipo aliyense ankadziwa kuti mwanayo ndine. Ndinali wamkulu, ndinali mu giredi seveni, ndipo m'kalasi ndinkakhala nambala wani kapena thu. Roza ankakhala nambala imene sankaitchula kunyumba. Ndinali nditachapa kale diresi langa la Misa n'kulipinda pansi pa mphasa.

Amalume anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi, nyuzipepala ya Chingerezi ili kukhwapa. Anakhala pampando wa atate, n'kutiitana tonse awiri.

"Sisiliya, tawerenga apa timve."

Mawu onse a pamenepo ndinkawadziwa, ana inu, onse. Ndinawaona ndi maso, ndinawamva m'mutu, koma pakamwa panangotuluka kamphepo. Amalume anatchera khutu.

"Ukuwerengera nyerere kodi? Kweza mawu."

Ndinayamba kunjenjemera, pepala n'kumachita phokoso kuposa ine. Roza anangolitsomphola m'manja mwanga n'kuyamba kukuwa ngati wolengeza pa wailesi. Mawu atatu aliwonse ankalakwitsa amodzi. Pamene panamukanika anangopeka zake. Amalume anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Uyu ndiye wa m'tauni uyu. Sangasowe."

Ndinayang'ana amayi kuti andinenere, poti iwo ankadziwa za malipoti anga. Amayi anati, "Zakhala bwino, achimwene. Sisiliya ndi dzanja langa lamanja, akachoka ndingafe ndi ntchito." Ankaganiza kuti akundiyamikira. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope chiganizo chimodzi chokha, ndipo kopelo ndikadali nalo: Ndikanakhala waulesi ndikanapita.

Roza anapita ndi diresi langa la Misa, chifukwa lake linali long'ambika m'khwapa.

Musaganize kuti anali woipa mtima, ayi. Pa holide ankabwera ndi masiwiti, ndi mawu a Chibemba atsopano, ndi nkhani za sitovu ya gasi imene umangopotokola n'kuyaka moto wabuluu wopanda utsi. Ankandikumbatira n'kunena kuti, "Asisi, mukununkha malasha!" akuseka, osadziwa kuti ndikapita kuseri kwa nyumba kukadzinunkhiza. Ine ndinalekeza fomu thu, amayi atadwala miyendo. Iye anamaliza fomu faifi, ndipo amalume anamuuza tsiku limene kampani inkalemba achinyamata. Analembedwa ku labu, kumene ankayeza mafuta asanatuluke, kuona ngati petulo ndi petulodi, ngati palafini sangaphulitse nyali ya munthu. Masamu amene ankagwiritsa ntchito kumeneko ndi omwe ine ndinkamuphunzitsa ndi njere za chimanga.

Masiku amenewo, ukagwira ntchito m'kampani ya boma ngati imeneyo unali munthu. Basi ya kampani inkadzakutenga m'mawa. Ukadwala unali ndi kiliniki yanu. Ife tikuima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira kuyambira mbandakucha, Roza ankatitumizira zake m'katoni. Amayi ankaitana aneba kudzaona. "Mwana wanga wa ku mafuta," ankatero. Ine amene ndinkawasambitsa ndi kuwathowa miyendo ndinalibe dzina lotero. Ndinali Sisiliya basi.

Chaka chimene ndinatomeredwa ndi ambuye anu aamuna, akazi a amalume anachira mwana movutikira, ndiye kunabwera uthenga woti ndipite ku Kanini ndikathandize ntchito za pakhomo mwezi umodzi. Mukuona? Ku Kanini ndinapitako ndithu, koma kukachapa matewera. Ndinapeza nyumba yonse ili pa chikondwerero. Kampani inali itasankha achinyamata angapo oti apite ku Italiya kukaphunzira za makina atsopano a mu labu, ndipo dzina la Roza linalipo. Pasipoti inali itatuluka kale. Ankaionetsa kwa aliyense, ngakhale kwa wogulitsa tomato.

Ntchito imodzi imene ndinapatsidwa inali yochapa ndi kusita jasi lake loyera la ku labu. Linali lalitali mpaka m'mawondo, la matumba awiri akuluakulu, dzina lake litasokedwa ndi ulusi wabuluu pachifuwa. Ndinkalichapa Loweruka, kulisita ndi simbi ya makala, poti ya magetsi ndinkaiopa, ndikuuzira phulusa kuti lisagwerepo. Ndinkalisamala jasi limenelo kuposa mmene ndinadzasamalira diresi langa la ukwati.

Lamlungu lina ndinapita ku Misa yoyamba kuti enawo apite yachiwiri, ine nditsale ndi mwana ndi mphika wa nyemba. Mwana anagona. Nyumba inali zii. Jasi linali pa hang'ala kuseri kwa chitseko, ndipo ndinalivala. Musaseke, Mphatso, iwenso ndinakuona utavala nsapato za amayi ako. Linandikwana bwino kuposa mwini wake, chifukwa Roza ndi wamfupi. Ndinaima pagalasi la pa wadiropu, manja m'matumba, n'kuyamba kulankhula Chingerezi. Chinkatuluka bwinobwino, chosalala, popanda liwu limodzi lokodwa. Ndinalonjera azungu a ku Italiya. Ndinawafotokozera za petulo. Ndinawerenganso nyuzipepala imene inali patebulo, mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kenaka ndinakumbukira nyemba. Akazi a amalume sankalola kuphika nyemba pa gasi, ankati zimatha gasi, ndiye zinali pa mbaula kuseri. Ndinathamangira komweko jasi lili m'thupi, n'kupeza moto wazima. Ndinathira makala ena, kadontho ka palafini, n'kukhwatcha machesi. Moto utagwira, dzanja langa linachita zimene limachita tsiku lililonse kuyambira ndili mwana. Mkazi wa pa mbaula sasiya machesi pansi, ana angatole kapena anganyowe. Amawaponya m'thumba la epuloni. Ndinaponya kabokosiko m'thumba la jasi osaganiza n'komwe. Nthawi yomweyo ndinamva geti likulira, anthu akuchokera ku Misa. Ndinavula msangamsanga, kulikoleka pamalo pake, n'kuthamangira kukatakasa nyemba.

Apa ndiyenera kukufotokozerani za lamulo la pageti la kampani, chifukwa amalume ankalinena pafupifupi tsiku lililonse. Kumalo oyengera mafuta, mdani wamkulu ndi moto. Ngakhale mpweya wa kumeneko umatha kuyaka. Ndiye pageti panali bokosi, ndipo aliyense wolowa, kaya ndi bwana kaya wosesa, ankafunsidwa ngati ali ndi machesi, laitala kapena fodya. Ukanena kuti uli nazo n'kuzisiya m'bokosi, palibe mlandu, udzazitenga poweruka. Koma ukanena kuti ulibe, zikakapezeka m'kati, umenewo unali mlandu wothetsa ntchito. Amalume ankati lamulolo ndi labwino, ndipo linalidi labwino. Munthu mmodzi woiwala akanatha kupsereza anzake onse.

Lolemba m'mawa ndinali kukolopa pakhonde. Roza anatuluka atavala siketi yake ya buluu, akupinda jasi kuti aliike m'chikwama, poti ankakalivalira kuntchito. Polipinda ndinamva kaphokoso. Tseketseke. Kakang'ono kwambiri, koma khutu la munthu wa pa mbaula limakadziwa. Ndinaimirira, chikolopo chikudontha, n'kutsegula pakamwa.

Roza anayang'ana kolala ya jasi n'kukwinya mphuno.

"Awe mwandi, asisi, kolala iyi mwasita ndi chigongono? Ku Italiya akandiona chonchi adzati kwathu kulibe simbi." Anaseka, n'kundigwira tsaya. "Musadandaule, ndikakubweretserani nsapato za gogoda. Pa ukwati wanu muleke kuyenda ngati bakha wa ku Bulangililo."

Ankangocheza. Ndi mmene ankalankhulira ndi aliyense, mpaka lero. Koma ine ndinatseka pakamwa.

Ana inu, apa ndilembe mosamala. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti anali manyazi, kuti mawu anandithera pakhosi monga tsiku la nyuzipepala lija. Si zoona. Tsiku la nyuzipepala mawu anakana okha. Tsiku ili ndinawabweza ndine. Kuchokera pakhonde kufika pamene basi inkaima panali mtunda woti ndikanamuthamangira kawiri. Ndinamuona akuyenda, chikwama chikugunda m'chiuno, akupatsa moni alonda a nyumba za eni. Ndinamva basi ikuima, ndinamva ikunyamuka. Ndinadziuza kuti pageti akaona yekha. Ndinadziuzanso kuti mwina akangomukalipira pang'ono, adziweko kuti kukalipiridwa kumamveka bwanji. Kenaka ndinamaliza kukolopa, ndipo ndinakolopa bwino kwambiri.

Roza anabwera cha m'ma teni awazi m'mawa womwewo, wapansi, nsapato zili m'manja. Sanalire. Anakhala pa sitepe n'kumayang'ana mpanda. Zimene zinachitika ndinazimva pamene ankafotokozera akazi a amalume. Pageti anamufunsa monga mwa masiku onse, iye n'kuyankha moseka kuti sasuta, ndipo anamulola poti ankamudziwa. Mu labu anavala jasi, n'kuwerama kuti atenge botolo m'kabati ya pansi. Kabokosi kanagwa, machesi n'kumwazika pasimenti, pafupi ndi mabotolo a petulo, pamaso pa mkulu wa labu ndi anzake onse.

Amalume anafika madzulo nkhope ili gwa. Iwo ndi amene anamubweretsa pakampani, ndiye manyazi anali awonso. Anatikhazika tonse pabalaza.

"M'nyumba muno muli machesi a mtundu umodzi, ndipo amakhala kukhitchini. Afika bwanji m'jasi? Ali ndi miyendo?"

Mwana ankayamwa, ndipo kumeza kwake kunkamveka.

"Sisiliya, wochapa ndiwe. Unaona chiyani m'matumba?"

"Munalibe kanthu pochapa, amalume." Zimenezo zinali zoona, ndipo ndinazisankha chifukwa zinali zoona.

Roza anandiyang'ana kamodzi kokha, kanthawi kochepa ngati kuphethira. Kenaka anatembenukira kwa amalume.

"Musavutitse asisi. Jasi ndi langa, thumba ndi langa. Ndinayenera kupisamo dzanja ndisanafike pageti. Ndi zimene mumatiuza tsiku lililonse."

Anamuimitsa ntchito milungu ingapo. Amalume anayenda m'maofesi chipewa chili m'manja, ndipo poti Roza anali asanalakwepo, ntchito inapulumuka. Koma kalata ya chenjezo inalowa m'faelo yake, ndipo dzina lake linachotsedwa pa ulendo. Kunapita mnyamata wina amene Roza yemweyo anamuphunzitsa kugwira mabotolo. Atabwerako anakhala bwana wake. Pasipoti ija inatha nthawi yake isanadindidwe ngakhale kamodzi.

Pa ukwati wanga Roza ndiye anavina kuposa onse. Anandigulira nsapato ku sitolo ya ku Ndola komweko, zopanda gogoda.

Mwina mukuganiza kuti nsanje inathera pamenepo, poti ndinali nditamugwetsa. Nsanje sikhuta, ana inu. Migodi itagulitsidwa kwa eni atsopano, ambuye anu aamuna anali m'gulu la anthu amene anauzidwa kuti ntchito yatha. Ndinayamba kugulitsa zitumbuwa ndi tinsomba ta kapenta pamsika kuti atate anu Yosefe amalize sukulu. Kampani ya mafuta inakhalabe m'manja mwa boma, basi yake inkabwerabe, ndipo Roza ankakwerabe. Yunifolomu ya Yosefe ya ku sekondale anagula ndiye. Ndinamuthokoza nditagwada, monga mwa mwambo. Amayi akumwalira, ine ndili pambali pawo ndi beseni, anafunsa kuti, "Wa ku mafuta wafika?"

Ndipo pakati pa ine ndi iye panali ulemu wochuluka kwambiri. Abale enieni amatukwanako, amalandana chitenge. Ife tinkapatsana moni ngati akazi a mabwana. Akabwera kuno ankakhala pampando wa alendo, ine n'kumupatsa kapu ya alendo. Sindinkadziwa ngati akudziwa. Kuyang'ana kuja kwa pabalaza ndinakutembenuza m'mutu mwanga kambirimbiri, tsiku lina n'kuona kuti akudziwa, tsiku lina n'kuona kuti ankangondimvera chisoni. Kwa wansembe ndinaulula kalekale, ndipo anandiuza kuti ndikamuuze mwini wake. Ndinasintha wansembe.

Makina a kampani anakalamba monga tinakalambira ife. Ankaima kawirikawiri kuti akonzedwe, lawi n'kumazima milungu, n'kuyakanso. Pomaliza boma linaganiza kuti kuyenga kulekeke, paipi ija izibweretsa dizilo woyengeratu. Atate sanakhale ndi moyo kuti aone kuti lawi linazima ndipo Kitwe sanasamuke. Antchito anauzidwa kuti abweze makadi awo olowera pageti. Roza anandiimbira foni.

"Asisi, mundiperekeze. Sindikufuna kupita ndi anthu a kutchalitchi, angayambe kundipempherera pamsewu."

Tinakwera minibasi mpaka pamphambano, n'kuyenda wapansi pang'onopang'ono, poti tonse mawondo anatha. Aka kanali koyamba kuti ine ndifike pageti limenelo. Ndinadikira panja pa waya, pansi pa mtengo, iye n'kulowa mu ofesi ya pafupi ndi geti. Ndinaona nsanja zachitsulo zija amalume ankanena, zazitali kuposa mmene ndinkaganizira, zili chete. Pa chitsulo cha lawi panatera khwangwala. Roza anatuluka wopanda chingwe cha khadi m'khosi, dzanja likupapasa pachifuwa pamene chinkakhala. Anaoneka wamng'ono, kamayi kokalamba ka nsapato zafumbi ngati ine.

Ndipo ndinamva kukoma. Kakang'ono, pansi pa mtima, ngati kadontho ka uchi. Ndinati, tsopano tafanana. Mkazi wa zidzukulu zitatu, wa mu kwaya, kukondwa kuti mng'ono wake walandidwa khadi! Ndinachita mantha ndi ine mwini, ndipo mantha amenewo ndi amene anatsegula pakamwa panga iye asanafike n'komwe pamthunzi.

"Roza, machesi aja ndinaika ndine. Ndinavala jasi lako inu muli ku Misa. Kuikako sindinachite dala. Koma m'mawa muja ndinawamva akulira m'thumba, ndipo ndinakusiya upite."

Anakhala pa muzu wa mtengo n'kuvula nsapato imodzi, kukhutula kamwala. Anachedwa nayo nsapato imeneyo.

"Kuti munavala ndinadziwa," anatero. "Nditangolivala mu labu ndinamva utsi wa malasha pakolala, ndi mafuta anu a m'tsitsi aja onunkha ndimu. Ndisanaganize bwino, machesi ali pansi."

"Nanga osanena bwanji kwa amalume?"

"Kuti akuthamangitseni ndi chikwama pamutu, kutatsala miyezi iwiri ukwati? Akuchimuna akanamva kuti mkwatibwi ndi wotani? Amayi akanafa chaka chomwecho." Anavala nsapato ija. "Ndinkati munaiwala. Zaka zonsezi ndinkati asisi anaiwala, ndipo akuopa kunena, poti ndi amanyazi. Zoti munawamva m'mawa muja, zimenezo ndiye mwandiuza lero."

Ndinali nditaganiza kuti ndikumuuza zimene akudziwa kale, kapena zimene sakudziwa konse. Sindinaganize kuti akudziwa theka labwino lokha, ndipo ine ndabwera kudzamupatsa theka linalo pa tsiku ngati limenelo. Lole ya mafuta inadutsa, fumbi n'kutikuta tonse. Palibe anadziphimba.

"Ndinakulakwirani chiyani, asisi?"

"Unawerenga nyuzipepala."

Anaseka, koma osati kuseka kwake kuja.

"Ndinali ndi zaka leveni. Ndinaona mukunjenjemera, ndinati ndikuthandizeni."

Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Ndinamufunsa ngati angandikhululukire. Ndinkayembekezera kuti anena za Mulungu, monga timanenera tonse, kuti nkhani ithe. Roza sananene za Mulungu.

"Sindikudziwa. Zoiwala zija ndinakhululuka kalekale, ndisanakwatiwe n'komwe. Izi ndi zatsopano, mundipatse nthawi. Mwina masiku ena ndidzatha, masiku ena ayi." Anaimirira akugwira bondo. "Tiyeni, dzuwa lapita. Ndipo mundigulire chakumwa chozizira pamphambano, mwandiumitsa kukhosi."

M'minibasi anagona, mutu wake uli paphewa langa, kaya mwadala kaya ndi tulo chabe. Ine ndinakhala chowongoka njira yonse kuti ndisamudzutse, ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale pamenepo ndinkamuchitira nsanje. Munthu wonyamula chinthu chotere zaka zonsezo n'kumagulirabe mwana wanga yunifolomu, n'kumavinabe pa ukwati wanga. Ine sindikanatha. Ngakhale pa kukoma mtima anandiposa, ndipo zimandiwawa.

Papita zaka zingapo tsopano. Kapu ya alendo anaikana, akabwera amatenga yekha iliyonse, ndipo mwezi watha anandiuza kuti ndiwo zanga zachepa mchere, zimene sananenepo kuyambira tili atsikana. Koma zimene ananena pansi pa mtengo zija sanazibweze. Amandiimbira kawiri kapena katatu pa mlungu, ndipo ndimadziwira pa moni kuti lero ndi tsiku liti. Akayamba ndi "Asisi, mwauka?" ndimakhala pansi, timacheza mpaka foni kutentha. Akayamba ndi "Amake Yosefe, muli bwanji kumeneko?" ndimayankha mwaulemu, iye amafunsa za inu mmodzimmodzi, n'kudula.

Dzulo anati amake Yosefe. Lero sanaimbe, ndiye Dalitso, ukamaliza kuwerenga usatenge foni yanga kukaseweretsa magemu ako aja. Uisiye pawindo pamene imagwira bwino.